Kumene Anagona Che Uledi

"Amayi, sindikufunsa ngati ndi amuna anu. Ndikufunsa ngati anagona m'nyumba muno usiku wathawu."

Ndinaika pansi ndodo imene ndinkapunthira nandolo n'kumuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali atakhala pampando wanga wabwino, uja ndimasungira alendo, chipewa cha kalembera chili kumutu, tabuleti ili pamiyendo. Dzina lake ankati Favour. Pamsinkhu sankaposa Sabrina, mwana wanga wachitatu, koma zimene anali atandifunsa kale m'mawa umenewo ngakhale malemu apongozi anga, amene pakamwa pawo sipankatopa, sanayerekezeko kundifunsa.

Poyamba zinkayenda bwino. Dzina ndinamuuza, Sofiya Osman. Chipembedzo ndinangomulozera mpango umene unali kumutu kwanga. Tinayamba kusemphana pa mtundu. Ndinati ndine Myao, koma agogo anga aamuna anali Mlomwe, mmodzi wa anthu aja anawoloka Muloza kudzathyola tiyi m'maesiteti, choncho alembe zonse ziwiri kuti kumanda kusakhale wodandaula.

"Pamafunika chimodzi, amayi. Makinawa salola ziwiri."

"Ndiye makina anuwo sanafikepo ku Mulanje," ndinatero. "Kuno mukamupeza kuti munthu wa chimodzi?"

Anaseka pang'ono n'kupitiriza. Ndinabereka ana angati, amoyo ndi angati, amene anatsogola ndi angati. Limenelo ndinayankha ndikuyang'ana kuphiri. Mwana wanga Hussein anapita liti ku Joni, nanga amatumiza kanthu? Denga ndi la chiyani, ngati kuti analibe maso. Chimbudzi chathu n'chotani? Ndinamuuza kuti chili kuseriko, akalowe akadzionere yekha.

"Boma likufuna kudziwa kuti tilipo angati m'dziko muno," anatero mondinyengerera, "kuti lidziwe pomanga sukulu ndi zipatala."

"Kaliuzeni kuti tilipo ambiri. Minda inatha, ana akumanga pamene pankagona mbuzi, ndipo nandolo chaka chino alibe wogula. Mwamaliza?"

Anali asanamalize. Ndi pamene anafika pa amuna anga, Che Uledi. Anandifotokozera, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani, kuti mwamuna wa mitala salembedwa kawiri. Akalembedwa kwa mkazi wamkulu n'kukalembedwanso kwa wamng'ono, dziko limaoneka ngati lili ndi amuna ambiri kuposa amene alipodi. Choncho amamulemba kumene wagona. Ndinafuna kumuuza kuti vuto la dziko lino silinakhalepo kuchuluka kwa amuna, koma ndinaona kuti lichero la Stella laima.

Stella ndi mnzanga woyandikana naye nyumba, ndipo tsiku limenelo anabwera kudzandithandiza kupeta. Ndi munthu wabwino, timagawana mchere ndi moto. Kungoti chimene wamva m'mawa, pofika masana chimakhala chili kumjigo, madzulo chili m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Anali chikhalire pamphasa, maso ali pa nandolo, makutu onse ali kwa ine.

Ndifotokoze chimene chinandiumitsa pakamwa. Che Uledi ndi telala pa Chonde. Ana athu atakula, bambowa anatenga mkazi wachiwiri, Hajira, wa kutsidya kwa mtsinje. Ndinalira, ndinasiya kudya, kenako ndinazolowera monga anazolowerera amayi anga. Chimene chinandithandiza n'chakuti mwamunayo ndi wa muyeso. Akagula shuga amagawa ndi kapu, akagula nsalu amayeza ndi tepi n'kudula pakati penipeni, ndipo sabata ikakhala yanga inkakhala yanga, ngakhale mtsinje usefukire. Pa zaka zonsezo sanandibereko tsiku.

Koma chichokereni mwezi wa Ramazani, Che Uledi anali asanagoneko m'nyumba mwanga. Ankabwera masana atanyamula kansomba kapena sopo, n'kukhala m'mphepete mwa khonde ngati munthu wodzabwereka khasu. Tiyi ankakana. Dzuwa likangopendeka ankadzuka n'kunena kuti ntchito yachuluka. Ine kufunsa? Kuti Hajira amve kuti mkazi wamkulu akulirira mwamuna? Ndinatseka pakamwa. Sabata yanga ikafika ndinkatulutsa patapata wawo wakale n'kumuika pakhomo madzulo, m'mawa n'kumulowetsa, kuti odutsa aziona kuti m'nyumba muno muli bambo. Mumtima ndinkadziwa kuti ukwati wanga watsala dzina lokha, koma ndinkafuna kuti chimenecho ndizichidziwa ndekha.

Ndiye lero kabwere kamtsikana ka boma, kandifunse pamaso pa Stella.

"Anagona muno," ndinatero mokweza. "Akanagona kuti? Alembeni."

Favour anapuma mwamphamvu ngati watula mtolo wa nkhuni. "Zikomo, amayi. Ndiye zagwirizana ndi zimene anandiuza dzulo kutsidya kuja, kuti kuyambira Ramazani bambowa amakhala kuno."

Anangomaliza kunena n'kudzigwira pakamwa.

"Anakuuzani ndani?"

"Pepani, amayi, sindiyenera kunena. Tinalumbira kuti za khomo lina sitikazitula pakhomo lina."

"Mwatula kale. Hajira anati chiyani?"

"Anati," anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana tabuleti yake ngati imuthandiza, "anati ndikawalembe kwa akazi awo aakulu, popeza ndi kumene anasamukira."

Ndinaiwala Stella, ndinaiwala manyazi, ndinaiwala nandolo amene nkhuku zinali zitayamba kale kujompha. Ndinamuuza mtsikanayo kuti afufute zimene walemba, chifukwa munthuyo m'nyumba mwanga sanagonemo dzulo, kapena dzana, kapena mwezi watha. Stella anagwetsa lichero. Ndinamanga nsalu m'chiuno n'kuyamba ulendo wa kutsidya, ndipo Favour ananditsatira akuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana, akundichonderera kuti bwana wake asamve. Anati sangatseke khomo langa m'makinamo asanadziwe poika bambowo.

"Mukawapeza poika mundiuzeko," ndinatero. "Inenso ndikufuna kudziwa."

Kwa Hajira ndinali ndisanapondeko chikwatiwire iye, kupatula pamaliro. Tinamupeza akusenda chinangwa cha makaka pansi pa mtengo wa mango. Atandiona anaimirira mpeni uli m'manja, osati mondiopseza, koma anangoiwala kuuika pansi. Anali ataonda. Ine ndinkayembekezera kupeza mkazi wonenepa ndi chikondi chakuba.

"Asalamu alaikumu," ndinatero, popeza ngakhale munthu wakwiya moni samana.

"Wa alaikumu salamu, amayi a Hussein. Kwagwanji?"

"Mwamuna ali kuti?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana Favour, kenako ineyo kachiwiri. "Mwabwera kudzandiseka? Simunakhutire kuti munawatenga? Ine ndangokhala chete miyezi yonseyi, sindinapite kwa ankhoswe, sindinapite kwa Shehe, ndimati ndi akulu anga, mwina ndinawalakwira. Lero mwabwera ndi wa boma kuti adzaonerere?"

"Ndinawatenga ine? Nditawaika pati? Kwanga amabwera masana ngati wogula nkhuku."

"Kunonso amabwera masana."

"Tiyi amamwa?"

"Amakana."

Favour anapeza chitsa n'kukhalapo, tabuleti ataikumbatira pachifuwa. Hajira anaika mpeni m'beseni pang'onopang'ono, ndipo ndinaona pankhope yake kuti wafika pamene ine ndinali nditafika kale panjira. Chipembedzo chimalola anayi. Ife tinalipo awiri.

"Ine ndimati munawadyetsa khuzumule," anatero.

"Ndikanakhala naye ndikanawadyetsa kale musanabwere inu."

Sanaseke. Anakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, ndipo zinandinyansa kuti ndinakudziwa kulira kumeneko. Ndi kuja ndinalira ine tsiku limene ndinamva za iye. Ndinafuna kumuuza kuti alawe naye, koma mawuwo anakana kutuluka. Ndinangomuuza kuti apukute m'maso, anthu akutiona.

Titayamba kulumikiza zinthu, zonse zinaloza kumodzi. Hajira anati bambowo anayamba kudzola mafuta onunkhira kwambiri, aja amagulitsa pakhomo la mzikiti, moti akachoka fungo limatsala pakhonde mpaka madzulo. Ine ndinali nditaona kuti anadzisokera mikanjo yatsopano, yaikuluikulu, munthu amene ankavala malaya amodzi mpaka kolala kutha. Njinga anasiya kukwera, ati imawadetsa. Ndevu ankameta mosamala. Mwamuna wa imvi akayamba kudzisamala chotero sikuti wakumbukira mkazi wake wakale.

"Ndi wa pamsika pompo ameneyo," Hajira anatero. "Aja amabweretsa nsalu kuti awayeze m'chiuno."

"Tiyeni tikamuone."

"Amayi," Favour analowererapo, "ngati alipo wachitatu ndiye kuti mwina mnzanga wa dera lina anawalemba kale. Ndingofuna kutsimikiza basi. Koma chonde tisakachite phokoso."

Hajira anavala mpango wake wotuluka nawo, ndipo tinauyamba wa ku Chonde, ine patsogolo, iye pambuyo panga, boma pambuyo pa tonse. Dzuwa la Seputembala linali litakwera, fumbi likuotcha kumapazi. Anthu amene ankatidziwa ankaima m'minda kutiyang'ana, chifukwa akazi a Che Uledi kuyenda njira imodzi chinali chinthu choti ukauze anzako. Panjira ndinkakonza mawu. Ndinakonza a mwamunayo, ndinakonza a mkaziyo, ndinakonzanso ena apadera oti ndikanene ngati ndingapeze kuti ndi mwana wa msinkhu wa Sabrina.

Linali tsiku la msika. Tinadutsa pakati pa akabaza ndi mavenda a nandolo amene ankakuwa mitengo yochititsa manyazi, n'kulowera mzere wa kuseri kumene kuli atelala ndi okonza mawailesi. Che Uledi anali pakhonde la shopu yawo, atawerama pamakina, tepi ili m'khosi. Ankapalasa ndi phazi limodzi, pang'onopang'ono, linalo atalitambasulira pambali. Fungo la mafuta aja linatilandira tisanakwere n'komwe pakhonde.

"Abambo a Hussein," ndinatero.

"Abambo a Muhammadi," anatero Hajira nthawi yomweyo.

Anadzutsa mutu. Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Anayang'ana ine, anayang'ana Hajira, anayang'ana chipewa cha Favour, ndipo makina anaima okha.

"Kwabwino?" anafunsa. "Ana ali bwanji?"

"Ana ali bwino. Boma likufuna kudziwa kumene munagona dzulo. Lafunsa kwanga, mulibe. Lafunsa kwa awa, mulibe. Ndiye tabwera nalo kuti mulilozere nokha."

"Sofiya, tsitsani mawu. Khalani pansi tikambirane."

"Ali m'katimu?"

Kuseri kwa shopuyo kuli kachipinda kosungira nsalu za makasitomala. Ndinaona maso awo akuthamangira kuchitseko chake, ndipo zimenezo zinandikwanira. Anayesa kudzuka kuti anditchinge, koma anadzuka mochedwa, akugwirira makina. Ndinawadutsa, Hajira ali pambuyo panga, n'kukankha chitsekocho ndi phewa.

Chimene chinatilandira ndi fungo. Mafuta onunkhira aja analimo, mankhwala ochapira analimo, koma pansi pa zonsezo panali fungo limene mayi aliyense amene analerapo mwana amalidziwa. Pansi panali mphasa, pamwamba pake pepala lapulasitiki. Pakona panali ndowa yodzaza nsalu zogonera zonyikidwa m'madzi, zina zitaunjikidwa pambali kudikira malo. Pamsomali panapachikidwa timatumba ta kuchipatala tokhala ndi timapaipi. Kapu imodzi, mbale imodzi, mkeka wopempherera utapindidwa bwinobwino pamwamba pa katoni. Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko, ngati kuti mkazi angakwane pamenepo. Mawu onse amene ndinakonza panjira anandithawa.

Titatembenuka, Che Uledi anali ataima pakhomo. Anatseka chitseko kumbuyo kwawo, Favour atalowa kale mosadziwa kuti aime pati. Bambowo anangowerama n'kukweza mkanjo pang'ono mpaka m'bondo. Pakatumba pa mwendo panali thumba, paipi ikukwera m'mwamba. Thumbalo anali atalisokera kachikwama ka nsalu yotsala, kopinda bwino m'mphepete, kokhala ndi batani ndi timalamba tiwiri. Ngakhale pa chinthu ngati chimenecho, ulusi unali wowongoka.

"Mkodzo unatsekeka m'Ramazani muja," anatero atatsitsa mkanjo. "Ndinakwera basi ndekha kupita kuchipatala ku boma. Anandiika ichi. Akuti ndidikire, adzandiitana ku Blantyre kukachita opaleshoni. Masana ndimatha kuchisamala. Usiku chimatayikira."

Hajira anadzigwira pakamwa. Ine ndinafunsa kuti kumzikiti amapita bwanji ndi chinthu chimenecho, ndipo anati anasiya, amapemphera momwemo, chifukwa sakudziwa ngati munthu wotero ali woyera mokwanira kuima pamzere ndi anzake. Kwa Shehe sanapite kukafunsa. Akanayamba bwanji?

"Nanga ife? Simukananena?"

"Ndikananena kwa ndani poyamba?" Anafunsa modekha, ngati munthu amene funsolo analitembenuza kambirimbiri. "Ndikanayamba kwa inu, awa akanati ndimawaona ngati mwana. Ndikanayamba kwa awa, inu mukanati ndakudumphani. Ndipo ndikanabwera kudzatani? Kudzanyowetsa mphasa kwanu sabata imodzi, kenako ndinyamule ndowa kukanyowetsa kutsidya? Munakwatiwa ndi mwamuna inu, osati khanda. Chipembedzo chimati wa mitala agawe mausiku mofanana. Ine ndinagawa mofanana."

"Munagawa chiyani?" ndinatero. "Munatenga palibe n'kumudula pakati ndi sizasi?"

Anangotembenukira kundowa ija.

Ndinene zoona, ndinakwiya kuposa mmene ndikanakwiyira ndikanapeza mkazi. Mkazi ndikanadziwa chochita naye. Koma ichi? Ine amene ndinawasambitsa amayi awo atafa ziwalo, kuwatembenuza, kuwachapira zonse mpaka tsiku limene tinakawaika, munthu ameneyu anakhala pansi n'kuganiza kuti sindingathe kumuchapira nsalu. Miyezi yonseyo ine ndikugona ndi mtima wowawa kuti anandisiya, Hajira akuuma ngati chinangwa cha padenga, iye ali pano akudzithira mafuta ngati mkwati, akusokera thumba la mkodzo batani. Ndinkafuna kumumenya ndi mbale yake imodziyo. Ndinkafunanso kumugwira dzanja, chifukwa ndinaona kuti zala zake zasuluka ndi mankhwala ochapira, ndipo zimenezo zinawonjezera mkwiyo wanga.

"Mumadya chiyani?" Hajira anafunsa, mawu ali pansi.

"Ndimagula mandasi. Nthawi zina mbatata. Madzi ndimachepetsa, kuti chisadzaze msanga."

"Ndiye tiyi wathu mumakanira zimenezo."

"Eee."

Favour anatsokomola. Tonse tinali titamuiwala. Anali ataima pafupi ndi ndowa, maso ali ofiira, koma tabuleti anali ataiyatsa kale.

"Pepani kwambiri," anatero. "Mzere unowu ndi wanganso, koma anatiuza kuti m'mashopu muno simugona anthu. Ngati bambo amagona muno, amadya muno, ndiye kuti pano ndi khomo palokha. Ndiyenera kuwalemba."

"Mwana iwe," ndinatero, "sukuona kuti pano pali nkhani?"

"Ndikuona, amayi. Koma ndikachoka osawalemba, ndiye kuti m'dziko muno mulibemo."

Che Uledi anakoka katoni n'kukhalapo mosamala, mwendo uja atautambasula. Anati afunse. Ndikuganiza kuti mafunso a mtsikanayo anali opepuka kwa iwo kuposa athu.

Anafunsa dzina, anayankha. Zaka, mtundu, chipembedzo, sukulu analekeza pati, ntchito yawo. Atafika pa funso lakuti ali pabanja kapena ayi, ine ndi Hajira tinayankha limodzi, mokweza kuposa mmene kanafunikira kachipindako. Favour anadina.

"Mutu wa khomo lino ndi ndani?"

"Ndine."

"Mumakhala ndi ndani?"

Anayang'ana mphasa, anayang'ana kapu. Munthu wa akazi awiri, ana m'nyumba ziwiri, zidzukulu zoti pa Idi zimasowa pokhala.

"Ndekha," anatero.

Pamenepo ndinalephera kupirira. "Ayi. Fufutani zimenezo. Alembeni kwanga. Lero akagona kwanga."

"Ndikufunsa za usiku wathawu, amayi, osati wa lero."

"Ndiye alembeni kwa Hajira, ndalola. Kulikonse, koma osati muno."

"Kwa amayi awa ndinatseka dzulo. Ndipo kumenekonso sanagoneko."

"Chabwino, mubwerenso mawa m'mawa. Mudzawapeza pakhonde langa akumwa tiyi, mudzafunse bwinobwino."

Favour anandiyang'ana ndi chisoni chimene sindinachipemphe. "Munthu timamulemba kamodzi, amayi. Kalembera wina ndi pakatha zaka khumi."

Che Uledi anaweramitsa mutu n'kumapotokola nsonga ya tepi pachala. Ndikudziwa kuti tonse atatu tinawerengera zaka zimenezo mumtima, aliyense payekha, n'kuyang'ana imvi zawo, ndipo palibe anafuna kunena chimene anapeza.

Ndinanyamula ndowa ija. Inali yolemera, ndipo madzi ake ananditayikira pansalu, koma sindinasamale. Kuseri kwa kachipindako kuli kabwalo kotchingidwa ndi malata akale, kumene kunali chigubu cha madzi ndi chingwe chimene bambowo anamanga m'munsi kuti zoyanika zisaonekere kunja. Ndinakhuthula, ndinathira madzi ena, n'kuyamba kufikisa. Posakhalitsa Hajira anatulukira atanyamula mulu wotsala uja ndi sopo. Sanafunse. Anagwada mbali inayo ya ndowa n'kupinda manja a bulauzi.

"Sabata ino ndi yanga," anatero, maso ali m'thovu.

"Yanu bwanji? Ramazani isanayambe anamalizira kwanu."

"Anamalizira kwanu. Ndikukumbuka, kunali maliro a kwa a Filipo."

"Maliro aja anachokera kwanu. Ndipo kwanga n'kufupi ndi msewu, akawaitana ku Blantyre sadzawoloka mtsinje."

"Kwanga mjigo uli pakhomo. Izi zimafuna madzi."

M'katimo Favour ankafunsabe za denga ndi za nyali, ndipo mawu a Che Uledi ankamveka akuyankha limodzilimodzi. Kenako tinamva choko chikulira pachitseko, mtsikanayo akulemba nambala ya khomo la munthu mmodzi. Anatsanzika, koma sitinadzutse mitu.

Nsalu yaikulu ija, yogonera, inali yolemera moti munthu mmodzi sakanaifinya. Hajira anagwira nsonga imodzi, ine inayo, tinaimirira n'kutalikirana. Iye anapotoza kumanja kwake, ine kumanja kwanga, tikukanganabe za sabata. Madzi anayamba kutsika pakati pathu n'kuyenderera pafumbi mpaka pamapazi a Che Uledi, amene anali atatuluka n'kuima pakhomo, tepi ili m'khosi, manja ali lende, osadziwa kuti athandize mbali iti.